Buku la ndondomeko tili nalo, nanga bwanji ngozi ikagwa timasokonezeka?

Funso lachokera kwa khansala wina yemwe wangosankhidwa kumene: "Andiika mu komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi mumzinda wathu. Tili ndi buku la ndondomeko la masamba oposa 100 lomwe akatswiri anatilembera zaka zinayi zapitazo. Koma madzi atasefukira chaka chatha, anthu anauzidwa zosamuka madzi ali kale m'nyumba, apolisi ndi ozimitsa moto aliyense ankachita zake, ndipo pasukulu pomwe tinasunga anthu panabuka matenda otsegula m'mimba. Pano anzanga akufuna tigule magalimoto atsopano ndi kumanga chipinda cha makompyuta ndi makamera. Kodi chimene chimachititsa kuti khonsolo igwire bwino ntchitoyi n'chiyani kwenikweni? Ndalama n'zochepa, tiyambire pati?"

A Khansala, mtima ukhale m'malo. Kwa omwe tagwira ntchitoyi nthawi yaitali, zimene mwafotokozazi si zachilendo, ndipo sizikutanthauza kuti khonsolo yanu ndi ya anthu aulesi. Mizinda yolemera, yokhala ndi mahelikopita ndi akatswiri a maphunziro apamwamba, yagwapo m'mbuna yomweyi. Cholimbitsa mtima n'chakuti mavuto atatu mwatchulawo amakonzeka ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi mtengo wa galimoto imodzi yozimitsira moto. Chachikulu n'kumanga mfundo kunja kukadali bata.

Pa msonkhano wotsatira wa komiti, musanatsegule nkhani ya magalimoto, funsani funso ili: ikakhala 2 koloko usiku wa Loweruka, meya ali paulendo, foni ya mkulu wa khonsolo yathima, mtsinje ukukwera, ndani ali ndi mphamvu yolamula kuti anthu asamuke? Pakangoti zii, kapena akakutchulirani mayina atatu osiyana, mwapeza pomwe pagona vuto. Mabuku ambiri a ndondomeko amafotokoza bwinobwino mitundu ya ngozi, mbiri ya mzinda ndi maudindo a m'maofesi, koma akafika pa munthu woti anene kuti "samukani tsopano", amangoti komiti idzakumana. Komiti siikumana 2 koloko usiku.

Kuchedwa kotereku kwapha anthu m'mayiko okhala ndi zida zonse. Pa 29 Okutobala 2024, ku Valencia m'dziko la Spain, a zanyengo anatulutsa chenjezo lofiira, lomwe ndi lalikulu kuposa onse, m'mawa 8 koloko isanakwane. Akuluakulu a chigawocho anatumiza uthenga wochenjeza anthu pamafoni itadutsa 8 koloko usiku, ambiri atatsekeredwa kale ndi madzi m'magalimoto, m'magaraja ndi m'nyumba. Anthu oposa 220 anafa. Ku Germany, m'chigwa cha mtsinje wa Ahr mu Julayi 2021, za mvula yoopsa zinalosedwa masiku angapo m'mbuyo, koma boma la deralo linalengeza za ngozi itadutsa 11 koloko usiku, mtsinje utalusa kale, ndipo anthu oposa 130 anafa m'chigwa chimodzicho. Konseku a zanyengo anachita mbali yawo. Maola anatayika pakati pa chenjezo la akatswiri ndi lamulo la akuluakulu a deralo, ndipo mpata umenewo ndi wanu, a khonsolo.

Anthu anzeru amachedwa chonchi chifukwa cha mantha. Ofesala amadziwa kuti akasamutsa anthu 5,000 madzi n'kusabwera, mawa lake amunyoza pawailesi, amalonda adandaula, wina afunsa kuti ndalama za mafuta analoleza ndani. Ndiye amadikira kuti atsimikize kaye, pomwe pa nkhani ya madzi osefukira, ukamatsimikiza ndiye kuti nthawi yatha. Mankhwala ake n'kumuchotsera mtolowo pamutu. Khonsolo yonse ivomereze pamsonkhano, zilembedwe m'maminitsi, kuti madzi akafika pa mlingo wakutiwakuti, kapena mvula ikagwa mamilimita akutiakuti mu maola atatu, ofesala yemwe ali pa ntchito usiku umenewo alamule kusamuka osadikira chilolezo cha wina, ndipo sadzaimbidwa mlandu madzi akapanda kufika. Pa udindowu pakhale mayina atatu otsatizana, woyamba akasowa wachiwiri atenge, komanso kalendala yoonetsa yemwe ali pa ntchito sabata iliyonse ya chaka, masiku a tchuthi omwe.

Milingoyo siilira makompyuta. Mzati wa mlatho wakumtunda kwa mtsinje upakidwe mizere itatu ya penti, wachikasu, wa olenji ndi wofiira, ndipo pakhale anthu awiri okhala pafupi omwe mvula ikalimba aziunika mzatiwo ndi tochi theka la ola lililonse n'kuimba foni. Pojambula mzere wofiira pali masamu awiri. Oyamba ndi akuti madzi akafika pamenepo amatenga nthawi yaitali bwanji kuti alowe m'nyumba yoyamba kumunsi. Izi amawerengera ndi mainjiniya a zamadzi, ndipo okhalitsa m'deralo angakuonetseni pakhoma pomwe madzi a chaka chatha analekeza ndi nthawi yomwe anafika. Achiwiri ndi a nthawi yomwe kuchotsa anthu onse kumatenga. Tiyerekeze kuti oti anyamulidwe alipo 4,000, mabasi alipo 10 onyamula anthu 60 iliyonse, ndipo kupita ndi kubwera ndi ola limodzi. Pa ola mukuchotsa anthu 600, ntchito yonse idya pafupifupi maola 7, osawerengera kudzutsa madalaivala ndi kumwetsa mafuta. Ngati mtsinje umakupatsani maola 3 okha, mzere wa pamlatho sungakupulumutseni. Muyenera kuyamba kusamutsa anthu potengera zolosera za mvula, kunja kukadali kowala. Kuyendetsa chigulu mumdima mvula ikukhuthuka n'koopsa pakokha, chifukwa madzi othamanga ofika masentimita 15 amagwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono.

Njira ya milingoyi imagwiranso pa ngozi zina. Mzinda wa Ahmedabad ku India unataya anthu oposa 1,300 chifukwa cha kutentha koopsa mu Meyi 2010. Mu 2013 khonsolo yake inakhazikitsa machenjezo a mitundu itatu, lofiira likuyambira pa madigiri 45, ndipo lililonse lili ndi zochita zake kwa zipatala, a ambulansi ndi ogawa madzi, pansi pa ofesala mmodzi wodziwika. Mizinda yambiri ya ku India inatengera pomwepo.

Uthenga wopita kwa anthu ulembedweretu, usiku wa ngozi muzingodzazamo nthawi ndi malo. Unene yemwe akulankhula, choopsa chomwe chikubwera, madera okhudzidwa m'mayina omwe eni ake amawatchula tsiku ndi tsiku, nthawi, chochita ndi kopita. Munthu akamva kuti "khalani tcheru" amangosuzumira panja n'kubwerera kukagona. Akamva kuti "okhala kumunsi kwa njanji chokani 6 koloko isanakwane, pitani ku sukulu ya pamtunda, mabasi akuima pa siteshoni", amadzutsa ana. Ukhale m'zilankhulo zonse za mumzindamo. Dziwaninso kuti munthu sanyamuka pa mawu oyamba. Amayamba wafunsa neba, wayatsa wailesi, waimbira m'bale wake, ndipo akamva zofanana kawiri katatu ndi pomwe amamanga katundu. N'chifukwa chake uthenga uzidutsa njira zosachepera zitatu nthawi imodzi, imodzi mwa izo yosadalira magetsi kapena netiweki, popeza nsanja za mafoni zimazima mabatire ake akatha. Zimkuzamawu za m'manja ndi anthu ogogoda khomo ndi khomo sizinathe ntchito. Ena amakana kuchoka poopa akuba, ndipo mantha awo ndi omveka. Lengezani kuti apolisi azilondera dera losiyidwalo, ndipo alonderedi. Zikachitika kuti madzi sanabwere, meya aime poyera m'mawa mwake, afotokoze mlingo womwe unafikidwa ndi chifukwa chomwe anthu anasamutsidwira, athokoze omvera. Akangokhala chete, ulendo wotsatira anthu sadzadzuka.

Tibwere kwa apolisi ndi ozimitsa moto aja. Mapanga awiri avumbwitsa: wogwira ntchito yemwe akulandira malamulo kwa mabwana awiri amangoima pakati. Izi anaziphunzira mowawa ku California, m'dziko la America, mu 1970, moto wolusa utapsereza nyumba mazanamazana, magulu ozimitsa moto a m'madera osiyanasiyana akulephera kumvana pa mawailesi awo ngakhale pa mawu a ntchito. Dongosolo lomwe anakonza pambuyo pake lafalikira m'mayiko ambiri, ndipo mfundo zake n'zosavuta. Ngozi iliyonse ikhale ndi mtsogoleri mmodzi, wodziwikiratu malinga ndi mtundu wa ngoziyo. Aliyense azilandira malamulo kwa bwana mmodzi. Bwana asayang'anire anthu oposa 7, ndipo 5 ndiye chiwerengero chabwino. Pansi pa mtsogoleriyo pakhale woyendetsa ntchito yopulumutsa anthu, wosonkhanitsa uthenga n'kumaganizira za maola 12 akubwera, woona za katundu ndi mayendedwe, ndi wolemba za ndalama. Wachiwiriyo ndi amene makhonsolo ambiri amamuiwala. Mapeto ake aliyense amathamangira zomwe zikuchitika panopa, woganiza kuti osamutsidwa aja mawa adya chiyani palibe. Wolankhula kwa atolankhani akhalenso mmodzi, pa nthawi zoikika, ngakhale chatsopano chikhale chochepa, chifukwa khonsolo ikakhala chete mphekesera ndi zomwe zimalankhula.

Chipinda choyendetsera ntchito chikufunikadi, anzanuwo sakulakwa pamenepo, koma chiyambe ndi tebulo, mapu aakulu pakhoma, bolodi, buku lolembamo chiganizo chilichonse ndi nthawi yake, mawailesi olankhulirana omwe magulu onse amamvana, jenereta ndi mafuta a masiku atatu. Chisakhale m'dera lofika madzi, ndipo pakhale china chothawirako. Ofunika kuposa makamera ndi anthu okhala pa tebulopo: wa polisi, wa ozimitsa moto, wa zaumoyo, wa misewu, wa kampani ya madzi, ya magetsi ndi ya mafoni, aliyense wokhala ndi mphamvu yolamula kuofesi kwake. Nthumwi yomwe chilichonse imati "ndiyambe ndafunsa abwana" ikungodzaza mpando. Mzinda wa Rio de Janeiro ku Brazil unatsegula chipinda chotchuka cha makanema ambirimbiri kumapeto kwa 2010, mvula ya mu Epulo chaka chomwecho itapha anthu ambiri, ndipo alendo amatengeka ndi makanemawo. Ine ndimaona kuti mphamvu yake yagona poti nthambi zambiri zimakhala pamodzi usana ndi usiku ngakhale kulibe ngozi, motero tsiku loipa likafika anthuwa amakhala akudziwana kale. Zimenezo mungaziyambe ndi msonkhano wa ola limodzi mwezi uliwonse. Musaiwale kusinthana: yemwe wagwira maola 20 osagona amalamula zolakwika, choncho maola 12 akakwana alowe wina, buku lolembamo ziganizo lija lili m'manja.

Ngozi ikagwa, malamulo ogulira katundu wa boma sachoka, ndipo ndi pomwe mumaona katapila ataima pamlatho wotsekeka chifukwa palibe wosainira dizilo. Khalani ndi thumba lapadera la ngozi, lokhala ndi malire omveka a ndalama zomwe mtsogoleri angatulutse pa maola 72 oyamba popanda msonkhano, malisiti n'kudzaperekedwa pambuyo kwa owerengera ndalama. Sainiranani mapangano pasadakhale ndi eni mabasi, eni makatapila, malo omwetsera mafuta ndi onyamula madzi, momwe mulembedwe mtengo, nambala ya foni ya usiku ndi maola omwe alonjeza kufika. Mapangano otere amakupatsani magalimoto 20 pa tsiku lofunika osagula ngakhale imodzi. Mufunsenso ngati mwini mabasiyo sanalonjeze mabasi omwewo ku chipatala ndi ku khonsolo yoyandikana nanu, zimachitika kawirikawiri. Ndandanda ya thandizo lolandiridwa ndi logawidwa izimatidwa poyera, chifukwa mbiri ikangomveka kuti mabulangete a ovutika akugulitsidwa, chenjezo lanu lotsatira palibe adzalimvere.

Pali china chomwe maofesi sakonda kumva. Pa maola oyamba, ambiri amapulumutsidwa ndi anansi awo. Chivomezi chitagwedeza mzinda wa Kobe ku Japan pa 17 Januwale 1995 n'kupha anthu oposa 6,000, pafupifupi 8 mwa anthu 10 aliwonse omwe anatulutsidwa m'nyumba zogumuka anatulutsidwa ndi achibale ndi anansi. Misewu inali itatsekeka, mapaipi a madzi ataduka, ozimitsa moto akuperewera. Choncho timagulu ta m'madera ndi mbali ya ntchito ya khonsolo: anthu 10 kapena 15 pa dera, ophunzitsidwa chithandizo choyamba, odziwa njira zothawira, okhala ndi zingwe, mafosholo, matochi, machila ndi chimkuzamawu, zosungidwa pamalo odziwika, makiyi ali ndi anthu awiri. Aphunzitsidwenso polekezera. Wolowa m'madzi othamanga opanda chingwe ndi jekete yoyandamitsa amangoonjezera chiwerengero cha oti apulumutsidwe.

Timaguluti ndi tomwe tingakulembereni anthu omwe sangathe kuthawa okha: okalamba okhala okha, anthu aulumali, odwala chigonere, amayi otsala pang'ono kuchira, ndi nyumba zosungirako ana kapena okalamba. Pa tsunami ya mu 2011 ku Japan, oposa theka la omwalira anali a zaka 65 kupita m'tsogolo, ndipo mu 2013 dzikolo linasintha lamulo kuti khonsolo iliyonse izisunga ndandanda yotere. Pa dzina lililonse palembedwe yemwe adzamutenge ndi chomwe adzamunyamulire, apo ayi ndandandayo siipulumutsa munthu. Isungidwe mwachinsinsi, eni ake atavomera, ndipo iziunikidwa chaka ndi chaka. Opanda galimoto nawo awerengedwe. Ku New Orleans m'dziko la America mu Ogasiti 2005, lamulo losamuka linaperekedwa kutatsala maola osakwana 24 kuti namondwe wa Katrina afike, mumzinda momwe pafupifupi banja limodzi mwa anayi aliwonse linalibe galimoto. Mabasi a sukulu mazanamazana anamira ali chiimire pamalo awo.

Zonsezi n'za tsiku la ngozi, koma kukula kwa ngoziyo kuli m'manja mwa nthambi zomwe mwina sizikhala n'komwe mu komiti yanu: ya zinyalala, ya misewu ndi yopereka zilolezo zomangira. Pitani mukaone kalavati imodzi ya pa msewu waukulu mvula isanayambe. Mukaipeza itadzaza mchenga mpaka theka, pamwamba pake mapulasitiki, mabotolo ndi nthambi zitalukana kuti gwa. Kalavati yotero imadutsitsa madzi ochepa kwambiri kuposa omwe anaikonzera, otsalawo amabwerera m'mbuyo, amadzaza msewu n'kulowa m'nyumba. Ku Mumbai m'dziko la India pa 26 Julayi 2005 kunagwa mvula ya mamilimita 944 tsiku limodzi, yoti palibe ngalande ikanaitha, komabe ngalande zotsekeka ndi nyumba zomangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Mithi zinakulitsa ngoziyo. Ku Accra m'dziko la Ghana pa 3 Juni 2015, madzi osefukira anakokolola mafuta pamalo omwetsera galimoto pomwe anthu anausa mvula, moto n'kubuka, anthu pafupifupi 150 n'kufa. Lembani makalavati ndi ngalande zikuluzikulu zonse pa mapu, iliyonse ndi nambala yake. Yambani kuyeretsa miyezi iwiri mvula isanagwe, kuchokera kumunsi kupita kumtunda, ndipo zofukulidwazo zichotsedwe tsiku lomwelo. Zikasiyidwa mulu m'mbali mwa ngalande, mvula yoyamba imazibwezera momwemo, ndalama n'kupita padera.

Nkhani ya omanga m'malo oopsa ndi yowawa, pano ndingoikhudza pang'ono. Kugwetsa nyumba osawapatsa anthu malo ena pafupi ndi pomwe amapezera ndalama sikuthandiza, amabwerera. Chomwe khonsolo ingachite lero n'kusiya kupereka zilolezo zatsopano pamalo omwe mapu akuonetsa kuti ndi njira ya madzi, wopemphayo alemere chotani. Yenderaninso zipatala, malo opopera madzi ndi maofesi anu omwe, muone pomwe pali majenereta. Namondwe wa Sandy atagunda New York mu Okutobala 2012, zipatala zina zikuluzikulu zinasamutsa odwala chifukwa mapampu a mafuta a majenereta anali m'zipinda za pansi pa nthaka, madzi n'kuwamiza.

Za pamsasa masamu ake alipo kale, m'miyezo ya Sphere yomwe mabungwe othandiza anthu pa ngozi amatsata padziko lonse. Munthu mmodzi amafunika malita 15 a madzi pa tsiku ndi malo ofoleredwa a masikweya mita 3.5, ndipo chimbudzi chimodzi n'cha anthu 20. Tengani sukulu yomwe mwaikamo anthu 600. Pakufunika malita 9,000 tsiku lililonse ndi zimbudzi 30. Kalasi ya mamita 8 m'litali ndi 7 m'lifupi imakwana anthu 16, pomwe nthawi zambiri mumapanikizidwa 60. Zimbudzi za pasukulu anamangira ana obwera m'mawa n'kuweruka masana. Pofika tsiku lachitatu zadzaza, anthu ayamba kudzithandiza kuseri kwa makalasi usiku, mvula n'kukokololera zonsezo ku chitsime kapena ku paipi yong'ambika. Matenda a chaka chatha aja mwina anayenda njira imeneyi. M'masiku oyambirira chimbudzi chimodzi pa anthu 50 n'chololedwa, koma chiwerengerocho chitsike msanga. Zimbudzi zokumba zitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, za amayi zikhale padera, zokhoma mkati, njira yake yowala, popeza amayi ndi atsikana kawirikawiri amachitiridwa nkhanza popita kuchimbudzi usiku. Madzi akumwa athiridwe klorini, ndipo aziyezedwa tsiku ndi tsiku kuti pa mpope pazitsala mamiligalamu 0.2 mpaka 0.5 pa lita. Pakhomo pakhale kaundula wa olowa ndi otuluka, ndipo aliyense afunsidwe za mankhwala omwe amamwa tsiku lililonse, chifukwa wothawa usiku amasiya mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV m'nyumba yomira. Zonsezi ziyenderedwe msasa usanafunike: woyang'anira ndani, makiyi amasunga ndani, malowo angasunge anthu angati kwenikweni.

Buku lanu lija musalitaye. Tulutsanimo makadi a tsamba limodzi pa udindo uliwonse, onena zochita mu ola loyamba, oti aimbiridwe ndi manambala awo. Kenako liyeseni. Kuyeserera kotchipa kuposa konse n'kutenga ndandanda ya manambala Lamulungu madzulo, osachenjeza, n'kuimbira mmodzimmodzi mukulemba oyankha. M'buku la zaka zinayi mupezamo opuma pantchito, osamutsidwa, ngakhale omwalira. Kawiri pa chaka khalani pa tebulo maola atatu ndi ngozi yongopeka, wotsogolera akuonjezera vuto mphindi 15 zilizonse: mlatho wagwa, netiweki yazima, pa Facebook pafala bodza loti damu laphulika. Kuyeserera komwe zonse zimayenda myaa pamaso pa alendo olemekezeka sikuphunzitsa kanthu, ndipo komwe zopezeka zake sizikonzedwa n'kutaya nthawi. Mu Julayi 2004 akuluakulu a ku Louisiana, chigawo chomwe muli New Orleans, anayeserera namondwe wongopeka wotchedwa Pam, yemwe anaonetsa New Orleans itamira ndi anthu zikwizikwi opanda chothawira. Patangopita chaka, Katrina anapeza mipata yambiri yomweyo isanatsekedwe. Cholakwika chilichonse chikhale ndi dzina la wokonza, tsiku lomalizira ndi ndalama zake mu bajeti, ndipo inu makhansala muzifunsa pamsonkhano uliwonse. Ngati za chaka chatha sizinaunikidwe chonchi, yambirani pamenepo, ndipo muitane okhala m'madera omwe anamira adzalankhule.

Magalimoto atsopano ndi makamera, kwa ine, ziyambe zadikira. Ngati pali galimoto yozimitsira moto yomwe yaima chifukwa cha matayala kapena pampu, ikonzeni, ndipo muyendere mipope ya m'misewu yotungapo madzi ozimitsira moto muone ngati ikutulutsa madzi. Chida chatsopano chigulidwe kuyeserera kukaonetsa kuti chikusowekadi, ndipo pa mtengo wake muwerengerepo woyendetsa, mafuta ndi zosinthira za zaka zisanu.

Zilipo zomwe komiti yanu isayese kuchita yokha. Damu la kumtunda kwa mzinda, khoma lotchinga madzi, phiri lomwe layamba ming'alu kapena mitengo yake ikupendekeka, nyumba zosanja zong'ambika, zonsezi zikufuna mainjiniya ovomerezeka, ndipo lipoti lawo likafika lisagone mu kabati. Madamu awiri omwe anagumuka kumtunda kwa Derna ku Libya mu Seputembala 2023 n'kupha anthu zikwi zingapo, akatswiri anali atachenjeza kale kuti sakusamalidwa. Milingo ya mvula ndi ya mtsinje ija muikhazikitse limodzi ndi a zanyengo ndi a zamadzi. Mafakitale osunga mankhwala oopsa, gasi ndi mafuta ali ndi akatswiri awoawo. Loya wa khonsolo aunike ngati lamulo la dziko lanu likupatsa khonsolo mphamvu yolamula kusamuka kapena mphamvuyo ili ndi boma lalikulu. Ngati ili kumeneko, gwirizanani pano njira yopezera chilolezo pa mphindi zochepa. Pamsasa, munthu wamkulu mmodzi akangoyamba kutsegula m'mimba za madzi okhaokha n'kufooka, a zaumoyo adziwe tsiku lomwelo, osadikira kuti odwala achuluke.

Pa ngozi yeniyeni pemphani thandizo msanga. Makhonsolo amachedwa kupempha poopa kuoneka olephera. Moto utapsereza nyumba yosanja ya Grenfell ku London pa 14 Juni 2017 n'kupha anthu 72, khonsolo ya deralo inayesa kusamalira opulumuka yokha, sinaitane msanga makhonsolo ena a mumzindawo, ndipo kafukufuku wa boma anadzudzula kuchedwa kumeneku. Lembani m'ndondomeko mlingo wopemphera thandizo, monga misasa ikadzaza magawo atatu mwa anayi, kapena pakasowa anthu olowa m'malo mwa otopa. Pempholo litchule chinthu, kuchuluka kwake, malo, nthawi ndi wolandira. Mukangoti "tikufuna thandizo", kubwera malole a zovala zakale oti musowe kotsitsira. Nenani kuti mukufuna magalimoto awiri onyamula madzi, malita 10,000 iliyonse, pa sukulu yakutiyakuti pofika 6 koloko m'mawa, ndipo mupereke dzina ndi nambala ya woyang'anira msasa yemwe akawalandire pa geti.